Mbibu m'Mabulawuni a Thoko

Chisomo, taima kaye mdzukulu wanga, usakhuthulire m'mbalemo. Tabwera nako kuno kapepalako. Ndimadziwa ine, ndi mbibu izi. Inu mumati makashu poti ndi mmene alembera kusitolo, koma dzina lake ndi mbibu. Ndiye tandiuza, anzako akusukulu amene akubwera kudzadya mabulawuniwa wawafunsa ngati onse amadya zimenezi? Sunawafunse. Foni yakuuza kuti uthire, iwe n'kumathira. Ika pambali, ndipo nonse atatu mukhale pansi, iwe ndi Madalo, ndi iwe wemwe Yankho, tulutsa chala m'chokoletimo, ndakuona. Amayi anu amandiseka kuti ndikaona mbibu ndimachita ngati ndaponda njoka. Iwo anali ndi zaka ziwiri zokha pamene zinachitika, sakudziwa kanthu.

Ana inu mumandidziwa ndili nkhalamba yongokhala pakhonde pano pa Kanjedza n'kumalimbana ndi wailesi. Koma ine Zuze ndinali khukhi, ndipo osati khukhi wamba. Bambo anga anawoloka kuchokera ku Mozambique wapansi kudzathyola tiyi ku Mulanje, ine n'kubadwira komweko. Mu Blantyre muno ndinalowa ndili mnyamata, pamwamba pa lole ya nanazi, nditakumbatira kathumba ka malaya awiri. Ntchito yoyamba ndinaipeza ku Namiwawa kwa azungu ena, yotsuka mbale. Kumeneko ndi kumene ndinaonera mabulawuni koyamba. Dona atatulutsa thireyi mu uvuni ndinawamvera chisoni. Chinthu chakuda bii, chosafufuma, pamwamba chong'aluka ngati dothi la m'dambo mwezi wa Okutobala. Mumtima ndinati, dona alephera keke lero. Anandipatsa kachidutswa, ndipo ndinakamaliza nditaima pomwepo.

Buku lawo la zophika ine sindinkatha kuliwerenga. Ndinaphunzira ndi maso. Batala kusungunula pamoto wochepa, shuga makapu awiri, mazira anayi, koko, fulawa wosefa, kamchere pang'ono. Kutakasa ndi mthiko, osati makina anu olira ngati njinga yamotowa. Ndipo osatakasa kwambiri, ukatero umaphika njerwa. Pofuna kudziwa ngati apsa, unkabaya pakati ndi kamtengo ka machesi, katuluke ndi tinyenyeswa tonyowa. Magetsi akathima sitinkangokhala n'kumadandaula ngati inu. Tinkaika mchenga m'chipoto chachikulu pa mbaula, thireyi m'katimo, makala ena pa chivundikiro, mabulawuni n'kutuluka bwinobwino.

Azunguwo atabwerera kwawo, ndinalembedwa ku Sunnyside kwa banja la a Malunga. Bwana ankagwira ntchito mu ofesi m'tauni, Mayi Malunga nawonso mu ofesi ina. Anali anthu opemphera, osakalipa chisawawa. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Thoko, amene anamupeza atadikira zaka zambiri, ena awiri atapita padera. Nthawi imene ndikunenayi anali ndi zaka zinayi. Mwanayo ankandikonda. Ankakoka kampando n'kudzaima pambali panga m'khitchini, n'kumati, "Ankolo Zuze, ndinyambite mthiko?" Ine ndinkagona ku kanyumba ka antchito kuseri, Lamlungu lokha ndiye ndinkapita ku Ndirande kumene kunali agogo anu aakazi, a Filomena, ndi ana.

Chaka chimenecho nkhondo ya ku Mozambique inali itatha, njira zitatseguka. Msuweni wanga wina anabwera kudzationa, n'kundibweretsera mbibu zokazinga pamoto, zitamangidwa m'kansalu kakale. Sizinali zoyera mbee ngati zanuzi. Zinali ndi mawanga akuda, zonunkha utsi. Bambo anga ankazitchula kawirikawiri akamakumbuka kwawo, ndiye kwa ine chinali chinthu chamtengo wapatali. Zina ndinasiyira ana kunyumba, zina ndinapita nazo kuntchito. Ndinkafuna Thoko alaweko za kwathu.

Linali Loweruka masana. Bwana anali ku Lilongwe ndi galimoto. Mayi anapita kutchalitchi ku msonkhano wa amayi. Pakhomo tinatsala atatu: ine, Thoko, ndi amayi awo a bwana, gogo Nachisale, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzaonetsa maso awo kuchipatala. Mayi ponyamuka anati, "A Zuze, mumuphikire mwanayu mabulawuni ake aja, wandivutitsa sabata yonse."

Ndinasakaniza zonse monga mwa masiku onse. Kenaka ndinatulutsa kansalu kaja m'thumba la epuloni, n'kumasula, n'kuyamba kuphwanya mbibu m'kamtondo kakang'ono. Nditatembenuka ndinaona gogo Nachisale ataima pakhomo la khitchini.

"N'chiyani chimenecho mukusinjacho?"

"Ndi mtedza wa kwathu, gogo."

"Mtedza wakuda choncho? Mayi akudziwa?"

"Ndi wabwino, gogo, mulawa nokha."

Anangoti "Mmm," n'kubwerera pa mphasa yawo pakhonde. Zotsala ndinazimanganso n'kubwezera m'thumba.

Mabulawuni anapsa bwino tsiku limenelo, ndisaname. Thoko sanadikire n'komwe kuti azizire. Ndinamudulira kachidutswa, anakhala pa sitepe ya khitchini n'kumadya akugwedeza miyendo. Ine ndinayamba kutsuka mbale. Sipanapite nthawi, ndinamva, "Ankolo, pakamwa pakuyabwa." Ndinati mwina watentha lilime, ndinamupatsa madzi. Atabweza kapu ndinaona milomo yake. Inali itatupa, yonyezimira. M'khosi ndi m'manja munatuluka zidzolo zikuluzikulu ngati wakwapulidwa ndi chitedze. Anasanza pa sitepe pomwepo. Kenaka anayamba kupuma molira ngati kapito, maso akulowa m'kati mwa zikope zotupa.

Ana inu, ine ndinaonapo zoopsa pa moyo wanga, koma osati ngati za tsiku limenelo. Ndinathamangira pa foni. Musaganize za izi zoyenda nazo m'thumbazi. Inali foni ya m'nyumba, yozunguza ndi chala, ndipo Mayi ankaikhoma ndi kaloko kakang'ono kuopa kuti antchito tingamaimbe. Kiyi anali m'chikwama chawo kutchalitchi. Ndinaigwedeza, ndinaikoka, kaloko kali chikhalire.

Gogo Nachisale anali atafika pa sitepe. Atamuona mwanayo anagwira kumutu n'kukuwa. "Mayo ine! Wamudyetsa chiyani iwe? Ndinakuona! Ndinakuona ukusinja mankhwala ako akudawo!"

Ndinamunyamula Thoko, ndinatsegula geti, ndinayamba kuthamanga.

Ku Sunnyside mukudziwako, misewu yake ndi ya zii, mitengo ikuluikulu, nyumba zili patali m'kati mwa mipanda. Loweruka masana kulibe ndi munthu woyenda. Agalu okha ndi amene ankauwa mbali zonse. Mutu wa mwanayo unkagunda paphewa panga, ndipo kapito kaja ndinkakamva m'khutu mwanga mwenimweni, kakunka kachepa. Kumbuyo gogo ankabwera akukoka mwendo, akukuwa kuti, "Mugwireni! Wapha mwana! Wa ku Mozambique ameneyo, wapha mdzukulu wanga!"

Mageti anayamba kutseguka. Alonda ndi olima maluwa anatuluka, wina ndi ndodo, wina ndi chikwanje chimene ankadulira mpanda. Ena anali anthu oti tinkagawana nawo fodya, koma nkhope zawo tsiku limenelo sindinazizindikire. Masiku amenewo munthu akangokuwiridwa m'tauni muno, anthu ankayamba kumenya, zofunsa pambuyo. Ndinadziwa kuti chimene chikuwaletsa ndi mwana amene ndamunyamulayo basi. Galimoto ziwiri zinadutsa, ndinakweza dzanja, sizinaime. Ndani akanaimira munthu wa epuloni, wothamanga ndi mwana wa eni, anthu akumulondola?

Yachitatu ndinaiimira pakati pa msewu. Inali pikapu, kumbuyo itanyamula matumba a chakudya cha nkhuku, woyendetsa mayi wina wonenepa wovala magalasi. Anatsala pang'ono kutigunda. Anatulutsa mutu kuti andilalatire, koma atangoona nkhope ya Thoko anatsegula chitseko. "Lowani msanga. Agogowo akwezeni kumbuyo." Amuna aja ndi amene anawakweza gogo pamatumbapo. Dzina la mayi ameneyo sindilidziwa mpaka lero. Ankayendetsa akuliza hutala njira yonse, ine ndikungoti, "Thoko, puma mwanawe, puma," kwinaku ndikunena Tikuoneni Maria, mawu akusokonekera. Pa mphambano ina mwanayo anasiya kulira, anangolobodoka. Ndinamugwedeza. Ndinaika khutu pakamwa pake. Kampweya kanalipo, kochepa kwambiri.

Titafika kuchipatala chachikulu, namwino anandilanda mwanayo pakhomo n'kuthamanga naye. Ndinaona pa chitseko akumubaya jakisoni pantchafu, n'kumuika chopumira kumaso. Mayi wa pikapu uja anandifunsa tchalitchi cha Mayi Malunga, n'kupita kukawatenga. Gogo Nachisale anapeza wapolisi amene ankakhala pachipata cha chipatala, anamugwira dzanja n'kuyamba kumufotokozera, akuloza kumene ndinali.

Apa ndiye pali chimene sindinauzepo amayi anu, ndipo mumve bwino.

Mayi Malunga anafika atavala yunifolomu yawo ya kutchalitchi, bulauzi yoyera ndi duku, nsapato imodzi ili m'manja. Nthawi yomweyo dokotala anatuluka. Anali wachinyamata, mwana wa dzulodzuloli ndithu, koma maso ake anali olimba. Anati, "Amene anali ndi mwanayu ndani?"

"Ndine, adokotala."

"Wadya chiyani?"

"Mabulawuni."

"Munaikamo chiyani? Tchulani chilichonse."

Ndinayamba. Fulawa. Shuga. Mazira. Koko. Batala. Mchere. Nditafika pamenepo ndinaima kaye. Ndinayang'ana kunja, ndinaona wapolisi uja akumvetsera gogo, akugwedeza mutu. Ndinaganiza za kansalu kali m'thumba mwanga. Wantchito watenga chinthu chakuda cha kwawo, chomanga m'kansanza, wasinja, waika m'chakudya cha mwana wa bwana, osauza munthu. Akanandimvera ndani? Ndinaona ndende. Ndinaonanso china choposa ndende. Nthawi imeneyo anthu othawa nkhondo ankabwezedwa kwawo, ndipo ine ndinalibe pepala lililonse losonyeza kuti ndinabadwira ku Mulanje. Ndinadziona ndili pa lole, ndikupita kudziko limene sindinapondeko, a Filomena atatsala ku Ndirande ndi ana atatu.

"Basi?" anatero dokotala.

"Basi," ndinayankha.

"Zimenezi anadyapo kale?"

Mayi ndi amene anayankha. "Amadya mwezi uliwonse, adokotala. Sizinamuchitepo kanthu."

Dokotala anakanda kumutu. "Mmene akuonekera, zili ngati thupi lake lakana chinthu chimene wadya. Koma ngati palibe chachilendo, ndiye ndiyenera kuganiziranso za mankhwala a makoswe kapena a m'munda. Zikatero ndiye kumulowetsa paipi kuti titsuke m'mimba, ndipo mmene khosi latupiramu sindikufuna kutero popanda chifukwa." Anatembenukira kwa namwino n'kumuuza kuti akonzeretu zipangizo.

Namwinoyo anadutsa pafupi nane atanyamula thireyi yachitsulo, pamwamba pali paipi yaitali yopindidwa. Ndinaiyang'ana paipiyo, ndinakumbuka kakhosi ka Thoko mmene kanali kakang'ono. Sindikuuzani kuti ndinalimba mtima, ayi. Koma pakamwa panatseguka pokha.

"Adokotala, ndanama. Pali china."

Ndinatulutsa kansalu kaja. Mfundo yake inandikanika kumasula. Nthawi imeneyo gogo ndi wapolisi anali atalowa. Gogo anakuwa, "Ndi zimenezo! Ndi zomwezo ndinazionazo!" Wapolisi anandigwira pamkono. Anthu amene anali pa mabenchi anaimirira kudzaona. Mayi Malunga sanakuwe. Anangondiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandimenya mbama.

Dokotala anamasula yekha kansaluko. Anatenga imodzi, anainunkhiza, anaiswa pakati. Kenaka anaiponya m'kamwa n'kutafuna, anthu onse akuona.

"Mbibu," anatero. "Zokazinga bwinonso. Bwana wapolisi, musiyeni munthuyu, palibe chiphe apa. Mayi, alipo anthu ena amene thupi lawo limadana ndi mbibu. Enafe tikhoza kudya thumba lonse, koma iwo kakang'ono kokha kakhoza kuwatseka kukhosi. Jakisoni amene tamubayayo ndi woyenera, timubayanso wina. Paipiyo bwezani." Atafika pa chitseko anatembenuka n'kundiloza. "Inu bambo, mwachita bwino kuthamanga naye. Koma mukanachedwa ndi bodza lanulo, mukanamuzunzitsa mwanayu pachabe."

Wapolisi anandisiya, koma analemba dzina langa ndi kumene ndinkakhala. Ndinakhala pansi pa simenti, pakona, pakuti pa benchi panali gogo. Chitseko chikatseguka ndinkadzutsa mutu. Dzuwa litapendeka namwino anatuluka n'kuuza Mayi kuti mwana akupuma yekha ndipo waitana amayi ake. Mayi analowa. Ine ndinadzuka, ndinavula epuloni, ndinayenda wapansi mpaka ku Ndirande. Agogo anu aakazi atandiona ndikulowa Loweruka m'malo mwa Lamlungu anadziwa kuti kwagwa zina. Ndinawafotokozera zonse. Anayamba kulongedza zovala za ana m'chikwama, kuti apolisi akabwera atipeze tili okonzeka. Lamlungu lonse galimoto ikangolira kumsewu tinkayang'anana. Kutchalitchi sitinapite.

Lolemba m'mawa ndinabwerera ku Sunnyside, ndikudziwa kuti ndikukatenga katundu wanga. Thoko anali akadali kuchipatala, azakhali ake akumudikirira. Anandiitanira pabalaza, malo amene ndinkangolowamo ndi thireyi ya tiyi. Bwana anali atabwera. Gogo ndi amene anayamba kulankhula. "Ine za adokotalazo sindikuzimva. Mtedza unayamba wapha munthu liti? Ameneyu achoke."

Bwana anayang'ana akazi awo. Mayi anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "A Zuze, ndinalipo pamene munati basi. Ndinamva ndi makutu anga. Masiku awiriwa ndakhala ndikuganiza za basi ameneyo."

"Ndinalakwa, Mayi. Ndinachita mantha."

"Ndikudziwa. Ndinalinso pompo pamene munatulutsa kansalu kaja, wapolisi ali pambali panu. Palibe amene akanakupisani m'thumba tsiku limenelo mukanangokhala chete." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Sindikudziwa ngati mtima wanga udzakhale m'malo. Koma ntchito mupitiriza. Chinthu chimodzi chokha: m'khitchini mwanga musadzalowetsenso kanthu kamene ine sindinakaone."

Masana omwewo bwana anatenga pulayala n'kuthyola kaloko ka pa foni kaja.

Ndinagwira pakhomo pamenepo zaka zina khumi ndi chimodzi. Musaganize kuti zonse zinabwerera mwakale. Gogo Nachisale sanadyenso chophika ine mpaka imfa yawo. Akabwera kudzacheza ankadziphikira okha panja pa mbaula. Mayi anamuletsa Thoko kulowa m'khitchini, kampando kake anakachotsa. Ineyo ndinatha zaka ziwiri ndisanaphikenso mabulawuni, ndipo tsiku limene Mayi anandiuza kuti ndiphike, ndinayala zinthu zonse patebulo kuti aone chimodzichimodzi. Mwanayo akudya, ine ndinaima pazenera ndikuyang'ana milomo yake mpaka anamaliza, n'kupitirizabe kumuyang'ana akusewera panja. Ndinachita zimenezo pa chakudya chilichonse kwa nthawi yaitali. Ngakhale inuyo, simunaone kuti mukamadya chinthu chachilendo ndimakuyang'anitsitsani? Madalo amati agogo ndi osilira. Si kusilira, mwana iwe.

Atapuma pantchito, a Malunga anasamukira kumudzi, Thoko anapita kusukulu zakutali, tinatayana. Ndiye chaka chatha, tsiku lija ndinapita ndekha ku Limbe kukagula mankhwala a miyendo amayi anu n'kundikalipira, ndili pa mzere wa minibasi ndinamva, "Ankolo Zuze!" Ndinaona mayi wamtali, wovala za mu ofesi, atagwira kamnyamata ka zaka ngati zisanu. Sindinamuzindikire mpaka ataseka. Anagwada pang'ono pomwepo, pakati pa oitanira ndi ogulitsa malonda, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. Tinafunsana za moyo. Anandiuza kuti bwana anatisiya, Mayi alipo koma maso akuvuta. Kenaka anakoka kamnyamata kaja.

"Pereka moni kwa agogo. Awa ndi amene anandinyamula n'kuthamanga nane pamsewu ndili ngati iweyo. Pakanapanda iwowa, iwe kulibe."

Ndinaganiza kuti mwina makolo ake anamubisira, anangomuuza mbali yokoma. Ndinati, "Mayi Thoko, pepani, koma nkhaniyo siinathere pamenepo. Amene anakudyetsani mbibu zija ndine. Ndipo adokotala atandifunsa, poyamba ndinakana."

Anandiyang'ana akumwetulira. "Ndikudziwa, ankolo. Amayi anandiuza zonse nditakula, ndi za bodzalo zomwe. Ineyo palibe chimene ndimakumbuka." Anatembenuka kuyang'ana tsidya la msewu. "Ndaiwala chikwama changa m'sitolo umo. Tandigwirirani mwanayu, ndikubwera pompano."

Anaika dzanja la mwana wake m'dzanja langa, n'kuwoloka msewu osacheuka. Ndinaima pamenepo, minibasi ya ku Kanjedza inadzaza n'kunyamuka, inabwera ina, inadzazanso. Kamnyamatako kanandifunsa chifukwa chake ndikulira. Ndinakauza kuti ndi fumbi la mu Limbe.